Nkhope ya Pansi pa Lole

Fungatani manja bwino, chifukwa nkhani iyi ndi ya kumalo kozizira.

Amene munadutsapo pa Lizulu mwezi wa Juni mukuidziwa nkhungu ya pamenepo. Imatsika m'mapiri kusanache n'kumeza msika wonse, matumba a mbatata, kabichi ndi anthu omwe, mpaka umamva mawu a mnzako koma iye osamuona. Kuseri kwa msikawo, pafupi ndi chigayo chakale, kunali kanyumba ka zenera limodzi kolembedwa pachitseko kuti "L. Chapotera, Wojambula ndi Wolemba Zikwangwani." Mwini wake anali a Lifeyo Chapotera, bambo wamtali wosakonda zoyankhulayankhula, amene m'zikhadabo zawo simunkatha penti.

Lusoli analiphunzira kwa a Zefaniya, mkulu wina wa ku Mlangeni amene anakhalitsa ku Halale akutsuka maburashi a mzungu wojambula, mpaka manja awo anaba ntchitoyo. A Zefaniya sankaphunzitsa ndi buku. Malamulo awo anali apakamwa, ndipo ukalakwa ankakugogoda pamutu ndi mpini wa burashi.

"Woonda pansi, wonenepa pamwamba," ankatero. Ndiye kuti penti woyamba umusungunule ndi palafini akhale wamadzimadzi, wamafuta ambiri abwere pambuyo. Ukatembenuza, chithunzi chimang'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe. Ankatinso kuwala kukhale kwa zenera limodzi, ola lomwelo tsiku ndi tsiku. Ankati penti wamafuta ndi nkhalamba, sathamangitsidwa. Koma lamulo limene ankagogodera mwamphamvu linali ili: "Yang'ana munthu katatu, khudza nsalu kamodzi. Maso uzimalizira."

A Lifeyo anakwatira Esinati, mkazi wa kumapiri kwa Tsangano, woseka mokweza, wokhala ndi kachipsera pachibwano. Esinati sankadziwa kulemba dzina lake, koma maburashi ankawasamala kuposa mwini ntchito. Madzulo alionse ankawapukuta ndi nsanza, kuwatsuka m'palafini, kenako ndi sopo, n'kuwongola ubweya wake ndi zala n'kuwaimika m'chitini mitu ili m'mwamba. Nsanza zamafuta sankalola kuti ziunjikane pakona, chifukwa mulu wa nsanza zotero umatentha wokha mkati n'kuyaka popanda woyatsa. Ankaziyanika pawaya, iliyonse payokha.

Tsiku lina Esinati anati, "Bambo a Ndaziona, nkhope za anthu a eni mwajambula zingati? Ine yangayi ndi yoipa?"

A Lifeyo anaseka, n'kukoka nsalu yabwino pafulemu. Esinati anamanga duku yachikasu n'kukhala pakampando pafupi ndi zenera. Kampandoko kanali ndi mwendo umodzi waufupi, munthu akakhalapo kankalira kuti gu, choncho iye ankapinda pepala n'kuika pansi pa mwendowo. Anakhala mamawa atatu. Nkhope inatuluka: chipumi, makutu, milomo, kachipsera kaja. Koma a Lifeyo ankadalira mtima wawo, mutu uli pansalu, mpaka Esinati ankadandaula kuti, "Mundiyang'ane ine, osati nsaluyo. Nsaluyo ndi mkazi wanu?"

Mmawa wachinayi, wojambula maso, kunabwera munthu wofuna chikwangwani cha golosale. A Lifeyo anati, "Mawa." Esinati anausa moyo n'kumasula duku. Mawa lake kunabwera wina. Mawa, mawa, mawa, mpaka zaka ziwiri. Chaka chachitatu, m'dzinja, Esinati anadwala masiku asanu ndi limodzi n'kupita, kusiya mwana wawo Ndaziona ali ndi zaka zinayi.

Chithunzicho a Lifeyo anachitembenuzira kukhoma. Pomwe payenera kukhala maso panali timabwalo tiwiri tofiirira. Chinakhala choncho zaka khumi ndi zisanu. Maburashi anayamba kugona m'palafini mitu ili pansi, ubweya n'kupindika ngati mchira wa galu, ndipo nsanza zinkaunjikana pakona.

Tsopano Ndaziona anakula, n'kupeza banja ndi mnyamata wina wophunzitsa sukulu ku Mchinji. Patatsala mwezi kuti ukwati uchitike, anabwera kukanyumba kaja atanyamula tiyi wa bambo ake, n'kuima pafupi ndi fulemu yotembenuzidwa ija.

"Ababa, ine zambiri sindipempha. Mbale ndi mapoto azakhali akonza. Inu mundimalizire amayi, ndipite nawo."

Mudziwe kuti chithunzi cha kamera cha Esinati chinalipo chimodzi chokha, ndipo chiswe chinadya kalekale m'sutikesi. Ndaziona mayi ake sankawakumbuka. Ankangokumbuka fungo la sopo ndi nsana wofunda.

"Ana anga akadzafunsa agogo awo, ndidzawaonetsa chiyani? Khoma?"

"Ndimaliza, mwanawe."

"Liti?"

Mawu aja akuti "mawa" anafika pamlomo, koma a Lifeyo anawameza. "Ukwati usanafike."

Patangopita masiku awiri, Lolemba, anatulukira a Gwaza. A Gwaza anali munthu wa malole otengera mbatata ku Blantyre, wamimba yotsogola, woyankhula ngati ali pamwamba pa matumba.

"Amisiri! Lole yanga yabuluu ija mukuidziwa? Muijambule. Osati za pafoni izi, aliyense ali nazo. Ndikufuna ya penti, yokoleka pabalaza, apongozi akabwera azidya akuiona. Matayala onse aoneke, musabe limodzi."

"Chabwino, bwana. Pakatha milungu itatu."

"Itatu? Mukupanga lole yeniyeni? Loweruka lino apongoziwo akubwera."

"Nsalu yatsopano imafuna masiku. Kuikoka, kuipaka woyera kawiri, kudikira iume..."

"Ndiye ndipite kwa anyamata a ku Dedza? Aja amajambula mvuu ndi mikango tsiku limodzi. Anthu azidzati pa Lizulu palibe mmisiri?"

Mawu amenewa ndi amene analasa a Lifeyo. A Gwaza atapita, anayang'ana m'nyumba monse. Fulemu yaikulu yokhala ndi nsalu yokonzeka inali imodzi yokha. Anaitembenuza, n'kupukuta fumbi ndi chikhato. Sanaiyang'anitsitse. Mumtima anati, "Esinati ali m'mutu mwanga muno. Zaka zisanu ndi ziwiri nyumba imodzi, ndingamuiwale? Ndidzamujambula pansalu yatsopano, bwino koposa apa."

Popeza lole ndi yaitali, anagoneka fulemuyo cham'mbali. Anatenga burashi yaikulu n'kuyamba kupaka buluu. Pofika madzulo, pomwe panali nkhope panali chitseko cha lole. Anaponya maburashi m'palafini, n'kukhoma chitseko ndi loko, kupita kumudzi.

M'mawa mwake potsegula, choyamba kuwalandira chinali fungo la sopo.

Maburashi onse asanu ndi awiri anali m'chitini, mitu m'mwamba, oyera, ubweya wowongoka bwinobwino. Anagwira imodzi. Inali yonyowa.

Madzulo anafunsa Ndaziona ngati anapita kukanyumba. Mtsikanayo anaseka. "Ine? Ndi kiyi uti? Komanso mukudziwa kuti palafini amandipweteketsa mutu."

A Lifeyo anati mwina anatsuka okha n'kuiwala, ukalamba sulengeza pobwera. Tsiku limenelo anajambula matayala, n'kuwawerenga kawiri.

Lachitatu anapeza nsanza zonse za pakona zili pawaya, iliyonse payokha, zotalikirana chala chimodzi. Loko anali wokhoma. Zenera linali ndi zitsulo zake. Anaima pakhomo nthawi yaitali chipewa chili m'manja, kenako analowa n'kugwira ntchito osayang'ana kuwaya.

Lachinayi kampando kaja, kamene kanakhala zaka zonsezi kakusenza zitini pakona, kanali pazenera. Zitinizo zinali pansi, zondandalikidwa bwino. Pansi pa mwendo waufupi panali pepala lopinda.

Apa m'pamene msana wawo unazizira. Komabe munthu wamwamuna akayamba cholakwa amafuna achimalize. Anamaliza lole tsiku lomwelo. Pentiyo anamusungunula ndi palafini wambiri kuti aume msanga, n'kuika chithunzicho podutsa mphepo.

Loweruka a Gwaza anabwera, n'kuomba m'manja. "Eya! Iyi ndiye lole! Ikungosowa kulira." Anaikhudza ndi chala. Chala chinabwera chabuluu.

"Sinaume, bwana. Kukuzizira. Muipatse masiku atatu."

Apongozi anabwera n'kubwerera osaiona. Masiku atatu anatha, asanu, sabata yathunthu. Penti wopyapyala chotero amauma ngakhale pa Lizulu, koma uyu anali wonyowa ngati wapakidwa kumene. Ndipo mmawa uliwonse maburashi anali otsukidwa. A Lifeyo akabwezera kampando pakona, ankakapeza pazenera.

M'masiku amenewo anayesa kuchita zomwe anadzilonjeza. Anatenga khala ndi pepala kuti ayambe Esinati watsopano. Nkhope yoyamba inatuluka ya Ndaziona. Yachiwiri inafanana ndi mayi wina wa kutchalitchi. Yachitatu sinali ya munthu aliyense. Ankakumbuka kuseka kwake, ankakumbuka momwe ankatsokomolera akakolezera moto, koma akati aike mphuno ndi masaya pamalo pake, zonse zinkabalalika ngati nkhungu dzuwa likakwera. Mutu umene ankaudalira uja unalibe kanthu.

A Gwaza anabweranso Loweruka lachiwiri. Ulendo uno sanakhudze. Anaima chapatali, n'kupendeka mutu.

"Amisiri, chitseko cha lole yanga chili ndi khutu bwanji?"

A Lifeyo anayang'ana. Pansi pa buluu, pomwe pali chogwirira chitseko, panaoneka mzere wa khutu. Chapafupi, pomwe anajambula matumba a mbatata, panali kuyenda chikasu. Ukapendeka mutu ngati a Gwaza, unkaona chibwano, milomo, chipumi: nkhope ya mkazi itagona cham'mbali, monga amagonera wodwala pamphasa.

"Ndani ameneyu?" anafunsa a Gwaza, mawu atachepa.

A Lifeyo anaweramira pachithunzicho.

"Iyayi. Ine lole yanga imayenda usiku, m'mapiri. Zonditengera anthu ogona pachitseko ayi. Ikhale yanu, amisiri." Anatuluka chafutambuyo, n'kupunthwa pakhomo, osatukwana n'komwe.

Panja panali Nazimbiri, mayi wogulitsa zitumbuwa amene ankayala malonda ake pafupi ndi chigayo anthu asanadzuke. Ataona a Lifeyo atuluka, anawakodola.

"Achimwene, mlendo wanu uja bwanji simumusiyira kiyi? Akuvutika ndi chisanu."

"Mlendo uti?"

"Mayi wa duku yachikasu. Amabwera nkhungu isanachoke, kuchokera msewu wa kumtunda uwu. Ndamupatsa moni kawiri, amangowerama. Koma ndi wosaona eti? Amayenda chopapasa, dzanja pakhoma la chigayo, mpaka pachitseko chanu. Ndikati nditembenuze zitumbuwa ndiyang'anenso, palibe. Ndimati mwina mumamutsegulira."

A Lifeyo anakhala pansi pomwepo, pamwala wonyowa.

Tsiku lomwelo anakwera njinga kupita ku Mlangeni. Anapeza a Zefaniya akuwothera dzuwa pakhonde, maso atachita ng'ala, manja okha ndi amene anali amoyo, akusisita ndodo.

"Fungo la palafini ili ndi la Lifeyo. Wabwera kudzaona ngati ndafa?"

"Ayi, achikulire. Ndili ndi penti wokana kuuma."

"Unachulutsa mafuta."

"Ayi. Ndi woonda."

"Waika pachinyezi."

"Pali mphepo."

"Masiku angati?"

"Khumi ndi awiri."

Mkuluyo anasiya kusisita ndodo. Nkhuku inadutsa pakati pawo. Kenako anafunsa, osati kuti pansi pake pali chiyani, koma, "Pansi pake pali ndani?"

A Lifeyo anafotokoza zonse, kuyambira duku yachikasu mpaka khutu la pachitseko. Atamaliza, ndodo ija inawapeza pamutu, ngakhale mwini wake sankaona.

"Chitsiru cha munthu. Ndinati maso uzimalizira. Ndinati usamalize? Zaka khumi ndi zisanu munthu ali chiyang'anire khoma wopanda maso, iye osadandaula. Lero wamugoneka pansi pa matayala."

"Ndipale ndi mpeni?"

"Mpeni ukhale m'thumba! Ukapala uchotsa ndi iye yemwe. Penti wapansiyo anauma kalekale, ndi wolimba ngati fupa. Wapamwambayo mwini wake wakusungira wonyowa, uthokoze. Tenga nsanza yofewa, udontheze palafini pang'ono, madontho, osati kuthira. Uyambe m'mphepete. Nsanza ikada, tembenuza, ikadanso, tenga ina. Ukamaliza upake mafuta pang'ono ndi chikhato kuti mitundu idzuke. Ndiye umuimike, munthu sajambulidwa chogona."

"Kenako?"

"Kenako ukhalepo pa ola lake. Anakhala mamawa angati poyamba paja?"

"Atatu."

"Mkazi uja anali waulemu, sangapemphe zoposa zomwe unamupatsa. Mmawa wachinayi usauyembekezere. Akakhala pampando, ugwire ntchito monga ndinakuphunzitsira."

"Ndimuyang'ane?"

"Nanga mtunda wonsewo akuyendera chiyani chopapasa? Katatu munthu, kamodzi nsalu. Palibe lamulo lina la akufa."

Lamulungu lonse a Lifeyo anakhala akupukuta. Matayala anachoka, matumba anachoka, chitseko chinachoka. Lole ya a Gwaza inathera mu nsanza makumi awiri, ndipo nsanzazo anaziyanika okha pawaya, iliyonse payokha. Atapaka mafuta ndi chikhato, Esinati anadzuka pansalupo monga analili: duku, kachipsera, milomo yofuna kuseka. Ndi timabwalo tiwiri tija.

Anaimika chithunzicho pachoimikira chake cha miyendo itatu, pakati pa iwo ndi zenera, monga kale. Fulemuyo inali yaikulu, moti inkabisa kampando konse. Kuti uone wokhala pamenepo unkayenera kungosuzumira kumbali, kusuntha mutu chikhato chimodzi basi.

Lolemba anafika kusanayere bwino. Anafinya penti pathabwa, n'kusiya chitseko chotsegula. Kunja nkhungu inali itatseka chigayo. Anamva Nazimbiri akukoleza mbaula. Kenako anamva china: dzanja likukhula khoma pang'onopang'ono, kufika pachitseko, kulowa, kutsata khoma la mkati. Zitini zinagundana pang'ono. Fungo la sopo ndi utsi wa nkhuni linadzaza m'nyumba.

Pepala linakhwekhwereza. Kampando kanati gu.

A Lifeyo anaona pansi pa choimikira, pakati pa miyendo yake, mphepete ya chitenje yonyowa ndi mame. Anabweza maso msanga. Anati ayambe ndi zosavuta, dzanja lizolowere. Anakonza duku, kuika kuwala pamfundo yake. Anakonza khosi la bulauzi. Ntchitoyo inali yabwino ndithu, koma sanasuzumire. Dzuwa litaboola nkhungu, kampando kanatinso gu, dzanja lija n'kukhula khoma kutuluka.

"Mamawa alipo atatu," anadziuza.

Lachiwiri zinachitika chimodzimodzi. Ulendo uno mantha anachepako, moti anayankhula, maso ali pansalu.

"Esinati, mwana uja akukwatiwa. Mnyamata wake ndi waulemu, mphunzitsi. Ndaziona watenga kuseka kwako."

Kuseri kwa nsalu kunali zii. Koma anamva kuti akumvedwa, monga umadziwira kuti m'chipinda muli munthu ngakhale ali chete.

"Za lole zija undikhululukire. Ndinapusa."

Kampando kanalira pang'ono, ngati munthu akukhazikika bwino, akuwongola msana, kutembenuzira nkhope kwa wojambula. A Lifeyo anadziwa tanthauzo lake. Anakonza khutu. Anakonza kachipsera, kamene sikankasowa kukonza. Dzuwa linatuluka.

Usiku umenewo sanadye. Ndaziona anawafunsa ngati akudwala, iwo anati ndi chimfine. Mtsikanayo anati, "Amayi afika pati?" Iwo anati, "Atsala maso okha."

Lachitatu anakonzeka ngati wopita kunkhondo. Anasankha burashi yaing'ono kwambiri, yosongoka. Anasakaniza woyera ndi kabuluu ndi kofiirira, chifukwa a Zefaniya ankati choyera cha diso sichoyera ngati laimu, ukaika woyera weniweni munthu amaoneka wamisala. Anasakaniza wakuda wawo, wa buluu ndi wofiirira. Zonse zinali pathabwa. Chosowa chinali chimodzi: kudziwa ngati masowo anali aakulu kapena aang'ono, otukuka kumapeto kapena ogwa, oyandikana kapena otalikirana. Zimenezi sizinali pathabwa. Zinali kuseri kwa nsalu, mikono iwiri kuchokera pomwe anaima.

Dzanja linakhula khoma. Gu.

Anaviika burashi. Anati awerenge mpaka katatu ndiye asuzumire. Anawerenga. Khosi linakana. Anawerenganso.

Anthu amafunsa kuti ankaopa chiyani. Pambuyo pake iwo ankati sankaopa za kumanda ayi. Ankaopa ziwiri. Ankaopa kupeza timabwalo tofiirira tija pankhope yeniyeni, ntchito ya manja awo. Ndipo koposa apo ankaopa kupeza maso enieni, akuwayang'ana, osakwiya n'komwe, akungodikira monga ankadikirira kale.

Nkhungu inayamba kuyera pazenera. Kumsika lole ina inaliza hutala. Penti anayamba kutsetsereka kunsonga ya burashi. A Lifeyo anatsegula pakamwa kuti anene kuti, dikira pang'ono, ndikubwera. Koma lilime lili ndi njira zake zomwe linazolowera. Chimene chinatuluka chinali chakuti:

"Mawa."

Kuseri kwa nsalu munthu anausa moyo. Kunali kuusa komwe kuja, kosakwiya, kwa munthu amene ankadziwa kale yankho. Panamveka nsalu ikumasulidwa, ngati duku. Kampando kanati gu.

Apo m'pamene khosi linamasuka. A Lifeyo anakankha choimikira, n'kusuzumira, n'kufuula dzina lake. Pakampando panali kuwala kwa dzuwa basi. Anathamangira panja.

"Wapita kumtunda," anatero Nazimbiri asanafunsidwe. "Lero amayenda msanga. Duku anaigwira m'manja."

A Lifeyo anathamanga msewu wa kumtunda mpaka mpweya unawathera. Anakumana ndi amayi osenza nkhuni, ndi ngolo ya kabichi. Palibe anaona munthu wopapasa.

Lachinayi anafika kusanache, n'kuchotsa choimikira pakati, kukhala maso ali pazenera, osaphethira. Maburashi anali m'palafini monga anawasiyira, mitu pansi. Kampando kanali pakona, zitini zili pamwamba pake. Pepala lopinda lija linali pathabwa la penti, litaikidwa bwino pambali pa mitundu ya maso imene sinagwire ntchito. Anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Lachisanu anateronso. Loweruka anateronso.

Ukwati unali utayandikira. A Lifeyo anachita chimene akanatha. Pa timabwalo tija anajambula zikope zogwa, ngati munthu akuyang'ana manja ake pamiyendo. Anazijambula mosamala, woonda pansi, wonenepa pamwamba. Pentiyo anauma m'masiku anayi, ngati penti wina aliyense.

Dzulo la ukwati anapereka chithunzicho kwa Ndaziona. Mtsikanayo anachiimika pampando n'kugwada patsogolo pake. Anakhudza kachipsera ndi chala, n'kukhudza chibwano chake chomwe. Analira, n'kuseka, n'kuliranso.

"Anali okongola, ababa. Koma anali amanyazi eti?"

"Ayi. Amayi ako ankayang'ana munthu m'maso mpaka iwe n'kuthawa."

"Nanga bwanji akuyang'ana pansi?"

Ndaziona anatembenukira kwa bambo ake.

"Maso awo anali otani? Ngati angawa?"

Anamuyang'ana mwana wawoyo. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kamodzi, kawiri, katatu, mpaka Ndaziona anachita manyazi. Anaona kuti diso lake lamanzere ndi lochepa pang'ono kuposa lamanja, ndi kuti m'mphepete mwake muli kadontho kakuda. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akudya naye mbale imodzi, anali asanakaonepo.

"Sindikudziwa, mwanawe," anatero. "Anandipatsa mpata kawiri konse. Sindinayang'ane."

Chithunzicho chili ku Mchinji mpaka lero, pabalaza pa Ndaziona. Adzukulu amawadziwa agogo awo ngati mayi wofatsa woyang'ana pansi, zomwe Esinati sanakhalepo ngakhale tsiku limodzi.

A Lifeyo anakhala zaka zina zisanu ndi zitatu pa Lizulu. Maburashi ankatsuka okha madzulo alionse, palafini kenako sopo, mitu m'mwamba. Amene anajambulidwa nawo m'zaka zimenezo amati ntchito inkachedwa, chifukwa bamboyo ankangokuyang'ana, burashi ili m'mwamba, mpaka iwe kuyabwa. Ndipo Juni aliyense, nkhungu ikayamba kutsika, ankafika kusanache, kuika kampando pazenera, kupinda pepala n'kuika pansi pa mwendo waufupi, chitseko n'kuchisiya chotsegula. Ankakhala moyang'anana nako, popanda nsalu pakati, penti wa maso ali wosakaniza kale pathabwa.

Kampandoko sikanalirenso.